Bwalo la Kanema kwa Zulu

Dera la Inkosi Zulu m'boma la Mchinji lili kumene Malawi akuthera, Zambia n'kuyamba. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umadutsa pa Kamwendo, n'kufika paboma, kenako n'kulunjika kumalire a Mwami. Munthu wa kuno akafuna tauni, Chipata ndi kuseri kwa nyumba, pomwe ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita opitirira 100. Kanema adafika mochedwa kudera lino, koma khalidwe logamula kuti ichi chakoma, icho chatitayitsa nthawi, adalipeza lili kale.

Eni dera ndi Angoni a Mpezeni. Makolo awo adachoka kummwera ndi Zwangendaba pothawa nkhondo za m'nthawi ya Shaka, naoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene kudachita kadamsana. Zwangendaba atamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mtundu udagawikana. Mpezeni adatembenukira kummwera, nadzakhazikika pakati pa Ansenga ndi Achewa. Azungu atalemba malire, mzere udadutsa pakati pa anthu amodzi. Nkhondo ya mu 1898 idathyola mphamvu za Mpezeni, mwana wake Nsingo adaomberedwa, ndipo malinga awiri a atsamunda adatsala akuyang'anana: Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, ndi Fort Manning, amene lero ndi Mchinji. Mafumu Zulu ndi Mlonyeni adatsalira mbali ya Nyasaland, komabe mpaka lero mwezi wa February anthu awo amaoloka kupita ku Mtenguleni kukavina Ncwala, mwambo umene udatsitsimutsidwa mu 1980.

M'midzi imeneyi woonera sankakhala duu. Pa ingoma, mwamuna woponda bwino ankamudziwira ku nthungululu za amayi, ndipo wopondera mphwayi ankangomusiya, maso n'kupita kwa wina. Kwa anansi awo Achewa, Gule Wamkulu akatuluka anthu ankafupa, ndipo kuchuluka kwa zofupazo ndiko kunkanena amene wavina. Madzulo pa nthano, ana ankavomera kuti “tili tonse” malinga ngati nthanoyo ikuyenda. Ikayamba kuzizira, kuvomerako kunkachepa, wina n'kuyamba kuodzera, wofotokoza n'kudziwa yekha kuti afupikitse. Chigamulo chinkaperekedwa pomwepo, mokweza, wochita zinthuyo ali pomwepo akumva.

Kanema woyamba amene anthu a kwa Zulu adamudziwa sadamuone ndi maso, adamumva ndi makutu. Msonkho wa nyumba udatulutsa amuna m'midzi. Ena adapita kuminda ya fodya ya azungu ku Fort Jameson, ena ku Halale, ena ku Joni kudzera ku Wenela, enanso kumigodi ya kopa ku Northern Rhodesia. Kumigodi ya kopako makampani adayamba kuonetsa kanema m'makomboni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo wokondedwa koposa anali wa akaboyi a ku America, amuna a pakavalo, a zipewa zazikulu ndi mfuti m'chiuno. Kaya wosewerayo akhale ndani, anthu ankangomutcha Jack. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe, Hortense Powdermaker, adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo omuthandiza ankakhala pakati pa oonera n'kumalemba zimene anthu akunena. Zimene adapeza n'zakuti bwalo lonse linkachita phokoso: kumuchenjeza Jack kuti mdani ali kumbuyo, kuimirira, kuponya zibakera m'malere, kufotokozerana nkhaniyo aliyense m'chinenero chake popeza Chingerezi cha akaboyi ochepa okha ankachimva. Filimu ya azungu ongokhala pamipando n'kumayankhula, kapena ongopsopsonana, inkalandira mnyozo.

Wobwera kuchokera kumigodi ankafika ndi sutikesi, njinga, mwina galamafoni, komanso mafilimu m'mutu mwake. Anyamata ankamuzungulira kumphala, iye n'kumasewera yekha mbali zonse, kavalo yemwe, mfuti yomwe. Zosakoma ankadumpha, zokoma ankaonjezera. Filimu imene sinkatheka kuifotokoza inkafera kumigodi komweko. Muyeso umenewu, woti filimu yabwino ndi imene ungakaifotokozere mnzako n'kumusiya kukamwa kuli yasa, sudachokebe kuno.

Atsamunda nawo ankafunitsitsa kudziwa chimene Mwafirika amaganiza akaonera kanema, ngakhale zifukwa zawo zinali zina. Pakati pa 1935 ndi 1937, L. A. Notcutt ndi G. C. Latham adatsogolera ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Adajambula mafilimu oposa 30 ku Tanganyika, ophunzitsa za ulimi, ukhondo, msonkho ndi kusunga ndalama kupositi, nayenda nawo pa lole kukaonetsa m'maiko angapo kuphatikizapo Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Kulikonse ankafunsa amishoni, mabwana a boma ndi Aafirika ophunzira kuti anene filimu imene yakondedwa. Mu 1948 kudabadwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, yojambulira Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Mafilimu ake ambiri ankayenda njira imodzi: pali wanzeru womvera mlangizi ndi wopusa wosamva, wanzeru akolola, wopusa alira. Ina mwa iwo inali Mulenga Goes to Town, ya mnyamata wakumudzi amene tauni idamuchenjeza mowawa. Vuto linali lakuti wopusayo ndiye ankaseketsa, ndipo anthu amakumbukira amene wawaseketsa.

Galimoto ya kanema inkafika masana, kulengeza pachimkuzamawu, madzulo n'kupachika nsalu pabwalo la sukulu kapena la mfumu. Poti mafilimu ambiri analibe mawu akuno, pambali pa makina pankaima wotanthauzira. Munthu ameneyu ndiye ankakometsa kapena kuipitsa usiku wonse. Waluso ankapatsa anthu a pansalu mayina akumudzi, kuwaikira miyambi m'kamwa, kuponyamo nthabwala zimene wojambula wa ku Salisbury sadazilote n'komwe. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, kanema wa boma adayamba kutamanda chitaganyacho, ndipo anthu adamutembenukira. M'madera ena a maiko awiri akumpotowa ankangomunyanyala, kwina galimoto zinkathamangitsidwa. Palibe chigamulo china chomveka bwino chotere chimene wojambula filimu adalandirapo kuno.

Ufulu wa 1964 utabwera, dzina la Fort Manning lidasintha kukhala Mchinji, koma ufuluwo sudamasule pakamwa pa woonera. Mu 1968 boma lidakhazikitsa lamulo lounika mafilimu, mabuku ndi zisangalalo, ndipo bungwe lounikalo linkadula chilichonse chimene lati n'chosayenera, kuyambira zovala mpaka ndale. Dr. Banda sadalole wailesi yakanema m'dziko muno ulamuliro wake wonse. Nyumba zoonetsera kanema, monga Apollo ku Blantyre, zinali za m'tauni. Kumudzi kunkafika galimoto zachikasu za unduna wa malimidwe, zobwera ndi zidole zoyankhula ndi mafilimu a feteleza ndi mizere, komanso galimoto za ofalitsa nkhani zoonetsa maulendo a Ngwazi akuyendera mbewu. Ana ankazikonda, poti kanema ndi kanema. Akuluakulu ankaombera m'manja pamene payenera kuombedwa, chifukwa achinyamata a chipani anali pomwepo. Kunena kuti filimu ya Ngwazi yatalika kukanamutengera munthu kutali. Zenizeni zinkanenedwa panjira yobwerera kunyumba, motsitsa mawu, kwa munthu amene ukumudziwa bwino.

Kumene anthu ankatsutsana momasuka kunali pa masewero a pawailesi ya MBC, monga Kapalepale, amene m'mawa mwake ankakambidwa pachitsime ndi kudimba. Ndipo a m'malire anali ndi mwayi umene a ku Dowa kapena ku Ntchisi analibe. Wailesi ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja kuyambira nthawi ya atsamunda. Ku Zambia wailesi yakanema idayamba mu 1961. Wachibale wobwera kumaliro kapena kuukwati kuchokera ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Kitwe ankabwera ndi nkhani za zimene waonera, ndipo ntchito ya wofotokoza idapitirira, ngakhale njira ya ku Joni idatsekeka mu 1974 pamene Dr. Banda adaimitsa Wenela ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70.

Chimene chidasintha zonse ndi tepi ya vidiyo. Idayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nifalikira kwambiri ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994. Pamalo ochitira malonda ngati Kamwendo, ndi m'misika ing'onoing'ono ya m'mbali mwa msewu, mudamera mavidiyo sho: kachipinda kamdima, nthawi zina chisakasa chabe chotchinga ndi mphasa ndi masaka, mabenchi, deki, sikirini imodzi pamwamba pa tebulo, jenereta ikulira kuseri. Panja pankakhala chimkuzamawu chotulutsa kulira kwa mfuti kuti odutsa amve, ndi chikwangwani cholembapo filimu ya tsikulo. Nyengo yogulitsa fodya ndi mtedza, pamene ndalama imayenda m'Mchinji, ndiyo inkadzaza mabenchi, matenanti a m'maesiteti ali momwemo.

M'zipinda zimenezi mudakhwima malamulo ogamulira filimu, osalembedwa koma odziwika kwa mwana aliyense. Mwini filimu ayambe wazunzika: amuphere bambo kapena mphunzitsi wake, amumenye mpaka kutsala pang'ono kufa, akabisale kuphiri n'kuphunzira kumenya. Akabwerera, adani agwe mmodzimmodzi, wamkulu wawo amalizire, ndipo imfa yake ikhale yoti anthu aimirire. Chachikulu pa zonse, mwini filimu safa. Filimu yotsata zimenezi inali yobeba. Yoyankhula kwambiri inali yobowa, ndipo anthu ankakuwa kuti mwini sho aithamangitse kapena abweze ndalama. Rambo wa Sylvester Stallone, Commando wa Arnold Schwarzenegger wa mu 1985, Jean-Claude Van Damme, Jackie Chan ndi Jet Li adakhala ngati anthu a m'mudzi momwemo, ndipo mayina awo adasanduka mayina opatsana pampira ndi kubusa. Mkangano woti wamphamvu ndani pakati pa awa sunkatha, kupatula wa Bruce Lee ndi Chuck Norris, umene unali ndi umboni: mu The Way of the Dragon ya mu 1972 awiriwa adakumana, Norris n'kugonja. Mwa muyeso umenewu Titanic ya mu 1997, imene idatenga mphoto 11 za Oscar, inali ndi mlandu waukulu. Maola atatu a chikondi, kenako mwini filimu, dzina lake Jack ngati wa akaboyi uja, n'kumira m'madzi mkazi ali pathabwa.

Filimu imodzi inali ndi malo akeake pakati pa Angoni. Shaka Zulu, imene wailesi yakanema ya ku South Africa idatulutsa mu 1986 Henry Cele akusewera ngati Shaka, inkaoneredwa ngati mbiri yapabanja. Zishango, nthungo, nthenga kumutu ndi kapondedwe ka mwendo zinali zomwe anthu amaziona pa ingoma. Zoti idajambulidwa ndi wailesi ya boma la tsankho, ndiponso kuti nkhani yake yambiri imafotokozedwa ndi mzungu, sizinkalowa m'mkangano. Ngakhale zoti makolo a oonerawo anali mbali ya Andwandwe a Zwide, amene Shaka adawagonjetsa, sizinkaletsa munthu kumuchemerera. Ine ndimaona kuti pamenepa anthu sankagamula filimu kwenikweni. Ankasangalala kuona kwa nthawi yoyamba munthu wovala ngati agogo awo ali mwini filimu, osati wonyamula katundu wa mzungu.

Kunja kwa chisakasa kunali bwalo lina, ndipo chigamulo chake chinali chosiyana. Makolo, aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ankaona ana akuthawa m'kalasi, ndalama ya chigayo ikuthera pakhomo la sho, ndiponso mafilimu olaula oonetsedwa usiku khomo litatsekedwa. M'madera ambiri mafumu ndi makomiti a sukulu adaika malamulo oletsa kulowetsa ana nthawi ya maphunziro. Mayi kapena mtsikana wolowa m'sho ankanenedwa. Kanema amene banja lonse linkaonera popanda manyazi anali wa mpingo, makamaka filimu ya Yesu ya mu 1979 imene idaikidwa mawu a Chichewa n'kumaonetsedwa ulere pabwalo. Pofika pa mtanda amayi ankalira ngati pamaliro enieni, ena kutukwana asilikali a Chiroma. Imeneyi ndi filimu yokhayo imene mwini wake amafa anthu osadandaula, mwina poti amadziwa kuti nkhani sithera pamenepo.

Wailesi yakanema ya TVM idayamba kuulutsa mu 1999, koma magetsi m'midzi munalibe, ndipo kalembera wa mu 2018 adapezabe kuti m'dziko lonse nyumba zoyatsa magetsi a ESCOM zinali pafupifupi imodzi mwa khumi zilizonse. Chimene chidalowetsa amayi m'nkhani za kanema ndi mafilimu a ku Nigeria, amene adasefukira m'misika pa ma CD ndi ma DVD otchipa m'zaka za m'ma 2000. Muli apongozi ankhanza, amene Patience Ozokwor adawasewera mpaka anthu kumuda ngati amamudziwa. Muli mitala, kusabereka, kulimbirana chuma cha masiye, ufiti, ndi abusa odzamasula zonse kumapeto. Muli Aki ndi Pawpaw, amene ambiri ankawayesa ana pomwe ndi amuna aakulu. Izi zinali nkhani zodziwika, zofanana ndi za Neria ya ku Zimbabwe, imene idakamba za kulanda katundu wa mayi wamasiye. Funso lidasintha. Sankafunsanso kuti muli kumenyana kungati, koma kuti muli phunziro lanji, ndiponso ngati woipa uja adalandira zake. Pampondo, pamjigo ndi pa banki m'khonde, mkazi wa m'filimu ankaweruzidwa monga aweruzira mkazi wa m'mudzi: adalakwa kupirira, kapena adalakwa kuchoka? Dandaulo linali limodzi, loti nkhani ikafika pokoma amaidula kuti ukagule gawo lachiwiri.

Kenako wotanthauzira uja wa pagalimoto ya atsamunda adabweranso, ulendo uno ali ndi kompyuta. Achinyamata a m'matauni adayamba kutenga mafilimu a ku China, India, Korea ndi America n'kuikamo mawu a Chichewa. Sikuti amatsata mawu enieni. Amaona zimene zikuchitika, n'kupeka zoyankhula zawo. Msilikali wa ku China amadandaula za ndiwo, mfumu ya ku India imatchula mudzi wa ku Dedza, ndipo mwini filimu asanaponye chibakera wotanthauzira wayamba kale kumuseka mdani. Ophunzira ena amati uku n'kuononga filimu, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza eni luso limene lidayamba mu 1992, ali ndi nkhawa zawo za umwini. Koma kwa agogo amene sadapite kusukulu, aka n'koyamba kutsata nkhani kuyambira poyamba mpaka pomaliza osafunsa mdzukulu. Lero mnyamata wofika pa benchi la obena mafilimu, memori khadi ili m'manja, safunsa dzina la wosewera. Amafunsa kuti watanthauzira ndani, chifukwa filimu yomweyo ikhoza kubeba m'kamwa mwa uyu n'kubowa m'kamwa mwa uyo.

Chigamulo chowawa anthu amasungira mafilimu akwawo. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idapata mphoto ya Africa Magic ku Lagos mu 2016. Koma mafilimu otere amaonetsedwa m'maholo a m'mizinda pamtengo wa m'mizinda, ndipo kumudzi anthu amawadziwira pawailesi. Amene adafika paliponse ndi masewero a Izeki ndi Jakobo komanso Tikuferanji, amene aliyense amatha kuwafotokoza.

Mkangano waukulu udabuka mu 2019 ndi The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor adajambula ku Kasungu, boma loyandikana ndi Mchinji, pa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe. Kunja idatamandidwa kwambiri. Kuno anthu adagawikana pa chinthu chimene woonera wa ku London sakanachimva: Chichewa cha osewera akuluakulu, amene ambiri sanali Amalawi. Ena adati n'chamanyazi kuti bambo wa ku Kasungu aziyankhula ngati mlendo wongofika kumene, pomwe osewera akuno alipo, ndipo Lily Banda m'filimu momwemo adaonetsa kuti zimatheka. Ena adati Ejiofor adalemekeza chinenero pochiphunzira m'malo mongojambula zonse m'Chingerezi. Mbali zonse zili ndi mfundo, koma kwa a ku Mchinji padali china choposa katchulidwe. Njala ya 2001 ndi 2002 imene filimuyo ikuonetsa idawakhudza kwambiri, ndipo Mchinji ndi limodzi mwa maboma amene a Save the Children adayambira kuchenjeza kuti zinthu zaipa. Mizere ya pa ADMARC, kugulitsa malata ndi ziweto pamtengo wolira, kudya kamodzi patsiku, zonsezo anthu adaziona ndi maso. Woonera wotere amayang'ana ngati njalayo yajambulidwa monga idaliri, ndipo pamenepo ochepa adapeza chotsutsa.

Kutsidya nako kukubwera zoonera za m'chinenero chomveka. Masewero a pa Zambezi Magic monga Mpali ndi Zuba adapeza owatsata mbali zonse za malire, ndipo Chinyanja cha ku Lusaka, chimene wa ku Blantyre amachiseka, kwa wa ku Mchinji ndi chiyankhulo cha msuweni wake. I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, ya mu 2017, idapata mphoto ya BAFTA chaka chotsatira, ngakhale kayendedwe kake kodekha sikogwirizana ndi malamulo a m'chisakasa aja.

Masiku ano foni yasandutsa kanema kukhala chinthu cha m'thumba. Sola yaing'ono padenga imatchaja, memori khadi imadzaza ndi mafilimu pamtengo wochepa, ndipo anthu atatu kapena anayi amaunjikana pa kasikirini kamodzi pakhonde. Amene ali ndi bandulo amatumizirana timagawo pa WhatsApp, ndipo ophunzira ena adazolowera kupereka nyenyezi kapena kunena kuti iyi ndaipatsa 7 pa 10, monga amachitira a kunja. Koma amene amadziwa bwino chimene anthu a kwa Zulu akonda ndi wobena mafilimu uja. Kompyuta yake ikadzaza amayenera kufufuta zina, ndipo amafufuta zimene palibe wazifunsa mwezi wonse.

Mavidiyo sho sadathe, koma ambiri adasintha malonda. Eni ake adagula madishi, ndipo Loweruka ndi Lamulungu masana mabenchi amadzaza ndi otsata mpira wa ku England, wolowera wake n'kukwera kuposa wa filimu. Mafilimu adakankhidwira kum'mawa ndi masiku a m'kati mwa sabata, ndipo oonera ake ambiri ndi ana ndi anyamata a kabaza odikira makasitomala.